Mbale ya Amake Jailosi

Musaombe m'manja, abale. Yambani mwamva kaye, mwina pomaliza simudzafuna kuomba.

Dzina langa ndine Geresomu Banda. Ambiri muno mumandidziwa ngati mdala uja wokhoma ndowa ndi mbaula kuseri kwa msika wa Lilanda. Kwathu ndi ku Katete, koma muno m'komboni ya George ndakhalitsa, ndiye lilime likapotoka mundikhululukire. Ndisanagwire nyundo ndinali kapokola. Upolisi ndinaugwira zaka khumi ndi chimodzi, kenaka ndinamwa kachasu zaka zisanu ndi ziwiri. Ndikuona muno muli ena amene munavalako yunifomu, ndakudziwani ndi kakhalidwe kanu pa benchi. Mulinso ena amene munathamangitsako kawalala m'komboni mutanyamula mwala. Tonse tabwera kuti tisiye botolo, koma ine lero sindikamba za botolo kwambiri. Ndikamba chimene ndinkathira m'botolomo.

Zinali zaka zija tinkafola mzere wa ufa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kutiwotcha paliwombo. Sopo kulibe, mafuta ophikira kulibe, chipani chimodzi, wailesi imodzi. Koma mfuti zinalipo. Zinkadutsa m'malire kuchokera ku nkhondo za anzathu, ndipo akawalala ankazipeza msanga kuposa ife. Ku Kanyama, ku Matero, kuno ku George, anthu ankatsamiritsa mtondo kuchitseko. Ukagwira munthu lero, mwezi wamawa umupeza pa shabini akukupatsa moni ndi dzina lako, chifukwa mboni yaopa kukaima m'khoti. Zimenezi musaziiwale pamene ndikupitiriza. Sindikudzichotsera mlandu ayi, ndikufuna mudziwe kuti zimene tinkachita zinali ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinkamveka bwino.

Anandiika m'kagulu ka anthu anayi. Yunifomu sitinkavala, tinali ndi Landirova yathu. Wamkulu wathu anali sajeni, ba Chanda, munthu wa kumpoto. Musaganize za chilombo. Ba Chanda sankamwa, sankatukwana, ndipo m'thumba mwawo simunkasowa maswiti a ana. Tsiku langa loyamba anandikhazika pa bampala ya galimoto nkundiphunzitsa masamu. Ankandiitana kuti mwaiche, kutanthauza mwana m'chinenero cha kwawo.

"Mwaiche, iwe unapita ku sukulu. Kawalala umozi na mfuti, pa chaka apaya bantu bangati? Tikambe basanu. Ukamusiya, wapaya basanu. Ukamugoneka, wapaya umozi. Manja yako siyazankhala yoyera kulikonse. Sankha chabe nambala."

Ndinayesa kupeza pamene masamuwo alakwika. Sindinapapeze.

Pa siteshoni yathu, imene sinditchula dzina, panali mdala wina, ba Zulu, Mngoni wa ku Chipata. Anakalambira pa desiki osakwezedwa. Ndiwo ankasunga buku lolembamo olowa ndi otuluka, ndi makiyi a selo. Ife tinkawatcha ba Dikoni powaseka. Tsiku lina ba Chanda anawayesa masamu aja ine ndili pomwepo. Ba Zulu anapitiriza kusongola pensulo yawo.

"Ine masamu sindidziwa, ba sajeni. Chimene ndidziwa, munthu akalowa m'buku langa ndi miyendo iwiri, afike kwa majisitireti ndi miyendo iwiri. Olo akhale amene anapha amai anga."

"Nanga khoti ikamumasula, mailo apaye mwana wa munthu?"

"Umenewo ndi mlandu wake, ndi wa amene am'masula. Wanga ine ndi makiyi awa."

Ndinaona ngati yankho la munthu wamantha, wofuna kukalowa kumwamba ndi malaya oyera pamene anzake akufa. Kunena zoona, mpaka lero pali masiku amene yankho lija limandizizira. Koma tinkadziwa kuti ba Zulu akakhala pa desiki munthu satuluka m'selo popanda pepala la khoti. Ndiye tinkangodikira kuti aweruke.

Kagwiridwe kathu kanali kotere. Timalemba m'buku kuti tamutenga akatisonyeze kumene anabisa katundu. Timamukweza m'galimoto, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Timapita ku maenje akale okumba miyala, kunja kwa komboni. Ntchito yanga inali kumasula unyolo, chifukwa lipoti silingati munthu anathawa ali womangidwa manja. Ba Chanda amati, "Yenda, takusiya." Ena ankathamanga. Ena ankagwada. Tikabwerako ine ndimalemba lipoti, popeza ndinali ndi dzanja labwino: anawomberedwa pamene ankafuna kuthawa.

Ulendo woyamba ndinasanza. Wachiwiri sindinasanze. Wachitatu ndikukumbukira kuti pomasula unyolo ndinkaganiza za tayala la njinga yanga limene linaphwa.

Ndipo zinagwira ntchito, abale. Ndikanakonda kuima pano nkukuuzani kuti sizinagwire, koma zinagwira. Umbava unachepa. Amai pa mpopi ankatiululutira tikamadutsa. Wa sitolo wina anatithamangira ndi zoziziritsa kukhosi, misozi ili m'maso, ati kwa nthawi yoyamba ana ake agona tulo.

Tsopano inu amene munagonako m'selo, kapena munakaperekako chakudya, mukudziwa lamulo la pa kauntala. Womangidwa amadya zochokera kwawo. Wobweretsa chakudya amayamba walawa pamaso pa wapolisi. Atseme nsima, asunse m'ndiwo, ameze, ayasamule kuti tione kuti wamezadi. Madzi akumwa chimodzimodzi. Lamulo limeneli analiika kuti wina asathire mankhwala m'chakudya, chifukwa munthu amene ali m'manja mwa boma sayenera kufera m'manjamo. Ine ndinalawitsa anthu ambirimbiri osaganizako kuti lamulolo likunena chiyani.

Jailosi anali mwamuna wa zaka makumi awiri ndi zingapo, wa muno mu George. Tinamupeza ndi wailesi ndi nsalu zochokera m'sitolo imene mwini wake anatemedwa ndi chikwanje nkufa. Iye ankati anangopatsidwa kuti asunge. Titamupachika pachitsulo mutu pansi masiku awiri, anavomera zonse. Musandifunse ngati anatemadi munthu uja. Mwina anatema. Pachitsulo paja ngakhale inu mukanavomera kuti ndinu amene munatema. Amene ntchito yake inali kufufuza zoona ndi khoti, ndipo ife sitinalipatse mpata.

Amake Jailosi anali mai wamfupi, wogulitsa nsawawa zokazinga. Ankabwera wapansi tsiku lililonse dzuwa lili pamutu, atamanga mbale pansalu. Mbale yoyera ya chitsulo, ya mkombero wabuluu, yosupuka mbali imodzi. Pofika tsiku lachiwiri sankadikiranso kuuzidwa. Amamasula nsalu, kutsema, kusunsa, kumeza, kuyasamula, nkukankhira mbale kwa ine.

Linali Lachinayi m'mawa pamene tinamutenga. Ba Zulu anali atapita ku maliro kwawo. Titafika ku maenje ndinamumasula unyolo monga mwa masiku onse. Lamba ndi zingwe za nsapato tinamulanda polowa m'selo, ndiye anaima atagwira thalauzi ndi dzanja limodzi. Anayang'ana maenje, nkuyang'ana ine.

"Bwana, amai bazabwela na chakudya pa thwelofu. Mubauze basabwele futi. Ni patali, miyendo ibababa."

Ba Chanda anati, "Yenda, takusiya." Kenaka anandigunda paphewa. "Banda, lelo ni iwe."

Jailosi sanathamange. Anayenda chabe, nsapato zikuvuka kuchidendene, dzanja lili pathalauzi. Ndinawombera kawiri. Nditsimikize pano kuti musadzamve kwina mosiyana: sanali ba Chanda, ndinali ine. Ndipo sindinamve kanthu. Ndinamva fungo la onga ndi njala, popeza ndinali ndisanadye m'mawa.

Vuto linali thupi. Linali ndi zipsera za pachitsulo paja, ndipo ba Chanda sanafune kuti abale alione. Anati ulendo uno tilemba mosiyana. Mtembo ukalowa ku mochale ngati wa munthu wosadziwika, wotoledwa kutchire, akaidi akauike pamodzi ndi ena opanda abale. M'buku tilemba kuti anathawa, sitinamupeze. Koma mpaka mtembo utaikidwa, pasakhale wodziwa kuti m'selo mulibe munthu.

"Amai bake bakabwela, landila chakudya mwamene ulandilila," anatero ba Chanda. "Masiku yatatu chabe."

Pa thwelofu anafika. Anamasula nsalu, anatsema, anasunsa, anameza, anayasamula. Ndinatenga mbale nkupita nayo kuseri. Inali nsima ndi tinsomba ta kapenta totendera. Ndinaima pafupi ndi mpopi nkudya yonse. Ndinatsuka mbale bwinobwino, nkuibweza.

Anasuzumiramo. "Wasiliza yonse? Ndiye kuti alikobe bwino."

"Ali bwino, amai."

Lachisanu chimodzimodzi. Loweruka anaikamo dzira lowiritsa. Analibenthula kachidutswa, nkulawa, nkuyasamula. Ndinadya dziralo.

Lamulungu ba Zulu anali atabwerako. Amake Jailosi atafika ndi mbale yawo, mdala uja anatsegula buku, anawerenga nthawi yaitali, kenaka anatembenuka nkundiyang'ana. Sananame, ba Zulu. Anati, "Amai, buku likunena kuti mwana wanu anathawa." Mai uja anagwira pakamwa, ndipo ndinaona kuti akubisa chimwemwe. Anamanga mbale yake msangamsanga nkutuluka. Ba Zulu anakadandaula kwa akuluakulu mlungu womwewo. Mwezi usanathe anawatumiza ku kasiteshoni ka kumalire, ndipo sindinawaonenso.

Mukudikira kuti ndinene kuti mzimu wa Jailosi unayamba kundivutitsa. Ayi. Sindinalotepo. Ndinagwiranso ntchito yomweyo zaka ziwiri. Chimene chinachitika nchakuti chakudya chinasiya kukoma. Nyama, nyemba, tiyi wa shuga, zonse mkamwa mwanga zinali ngati ndikutafuna pepala. Ndinayamba kumwa kapu imodzi masana kuti ndithe kudya. Kenaka ndinaona kuti kapu yokha ikukwanira.

Mkazi wanga Esinati sindinamumenyepo. Bwenzi mwina zili bwino ndikanakhala waukali, chifukwa waukali amakhala alipo. Iye ankati, "Inu mumakhala m'nyumba muno ngati mukudikira basi." Atate anga atamwalira ndinaima pamanda nkumawerenga mabatani a jekete la mbusa. Mwana wanga wamkazi atakhoza mayeso anandithamangira ndi pepala, ine nkumuuza kuti aliike patebulo. Tsiku lina ndinaiwala mfuti ya boma pa shabini. Anandichotsa ntchito chifukwa cha mfuti imeneyo. Pa zonse zimene ndinachita, chimene boma linandipeza nacho ndi mfuti yoiwalika. Nyumba ya ku kampu ya apolisi inapita, Esinati anatenga ana nkubwerera ku Katete, ndipo ine ndinatsetsereka mpaka muno mu George. Ndinkagona m'kashedi ka mai wina wophika kachasu, ba Na Mwila, ndikuwatungira madzi a m'migolo, iwo nkumandithirira m'kapu. Nsapato ndinagulitsa. Nsabwe ndinali nazo. Sindinkamva manyazi, sindinkamva chisoni, sindinkamva chilichonse.

Zidakwa muno mukudziwa kumene timadyera: pamaliro. Ukamva kulira umatsatira. Sufunsa kuti wafa ndani, umangokwera lole yopita kumanda, pobwera usambe m'manja pachipata ndi anzako nkukhala pansi.

Tsiku limenelo tinali titangobwera kumanda, cha m'ma thuu koloko. Amuna tinakhala panja pa mabenchi, amai akutuluka ndi mbale. Ine ndinali kumapeto, pafupi ndi ngalande, pamene amakhala anthu onga ine. Kunabwera mai wokalamba, wamfupi, akutsimphina pang'ono. Anagwada patsogolo panga nkuika mbale pansi. Sindinamuyang'ane kumaso, maso anga anali pa nyemba.

Ndinaona dzanja lake likulowa m'mbale. Anatsema nsima pang'ono. Anasunsa. Anameza. Kenaka anadzutsa mutu, anayasamula, nkukankhira mbale kwa ine.

Abale, zaka zisanu ndi zinayi zinali zitapita. Nkhope ndikanaiphonya, inali itakwinyika. Koma kayasamulidwe kaja ndinakadziwa. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, nkubwerera kwa amai anzake.

Ndinakhala ndikuyang'ana pamene anatsema paja. Kabowo kakang'ono m'mbali mwa nsima, kokhala ndi chidindo cha chala. Mnzanga wa pambali anandigunda, ati ngati sukudya tipatse. Ndinachita mantha. Chinthu choyamba chimene ndinamva m'zaka zonse zija sichinali chisoni, anali mantha, ndipo ndinawalandira ngati mlendo chifukwa ndinali nditaiwala kuti m'chifuwa mumatha kumveka kanthu. Mumtima ndinati, wandidziwa. Wandiuza pamaso pa anthu onsewa popanda kutulutsa mawu. Akuti, ndalawa bwana, mulibe mankhwala, idyani monga munkadyera.

Ndinaisiya mbale ija nkuthawa. Ndinakafika kwa ba Na Mwila nkuwafunsa za mai wamfupi wotsimphina wa nsawawa.

"Amake Jailosi? Baja ba kumunsi ku madzi? Iye, nkhani yao ni yovuta. Mwana wao anathaba ku polisi kudala. Bakamba ati ali ku Zaire, azabwela. Nyumba yao mvula ikagwa imangena madzi mpaka mu maondo, mwana wao mukazi ku Chipata abaitana chaka na chaka, bakana. Ati Jailosi akabwela azanipeza kuti? Na chitseko sibakhoma. Muno mu George, chitseko osakhoma!"

Anandithirira m'kapu. Ndinaigwira kapuyo mpaka dzuwa kupendeka. Ndinkangomva mawu a Jailosi: mubauze basabwele futi. Munthu anandituma uthenga, ine osaupereka. Ndipo chifukwa cha uthenga wosafikawo, mai wokalamba ankagona m'madzi chitseko chili chosakhoma. Kapu ija ndinaimwa, ndisakunamizeni. Koma inali yomaliza.

Tsopano mverani mmene ndinachitira, mwina wina zimuthandiza.

Choyamba, ndinadziwa kuti sindingapite kwa mai uja ndikununkha. Akanati ndi zoyankhula za chidakwa, ndipo akanapitiriza kudikira. Ndiye sindinasiye mowa chifukwa chofuna kukhala munthu wabwino ayi. Ndinasiya chifukwa ndinali ndi uthenga wofunika kuti ukhulupiriridwe. Inu pezani chanu chimene simungachite mutaledzera, chimenecho chidzakugwirani kuposa malumbiro. Ndinachoka kwa ba Na Mwila tsiku lomwelo, popeza sungasiye kachasu ukugona pambali pa mgolo. Mmisiri wina wa ndowa ku Lilanda anandilola kugona m'shedi yake ndi kumugwirira malata. Milungu itatu ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma. Iye ankangondipatsa phala ndi nyundo.

Chachiwiri, ndinapita kumanda kukafuna malo. Mdala wosamalira manda anandiperekeza kumapeto, kumene akaidi ankaika anthu opanda abale. Palibe mtanda, palibe nambala, udzu wokhawokha. Anatambasula dzanja nkuti, "A zaka zimenezo ali kuyambira pa mtengo uwo mpaka pa chulu icho."

Chachitatu, ndinalemba zonse. Dzanja lija linalemba mabodza ambiri, ndinati lilembeko zoona kamodzi. Maina amene ndinkakumbukira, malo, amene anawombera. Ndinapita nalo pa siteshoni ina nkunena kuti ndabwera kudzadzipereka. Wapolisi wa pa desiki anawerenga tsamba loyamba, analipinda, nkundibwezera. "Mudala, yendani ku nyumba. Ivi ni vakale." Ndinapitanso kachiwiri, anandithamangitsa. Pepalalo ndinakasiya kwa abusa, ndipo ndinawauza kuti tsiku limene wina adzalifune, ine ndili ku Lilanda, sindithawa. Sindinalangidwe, abale. Musaganize kuti zimenezo nzopepuka.

Ba Chanda ndinakumana nawo m'tauni nthawi yomweyo. Anapuma ntchito mwaulemu, ndi mkulu wa mpingo kwawo. Nditawauza zimene ndikufuna kuchita, sanakwiye. Anati, "Mwaiche, yenda mu George upende bantu bamene bali moyo chifukwa cha ise. Ukasiliza ubwele unikambile." Sindinganene kuti ndinawagonjetsa. Mwina alipodi amene ali moyo chifukwa cha ife. Koma amenewo sindiwadziwa, ndipo ba Chanda nawonso sawadziwa. Asanu aja a m'masamu tinkangowaganizira. Mmodzi uja ndiye anali ndi dzina, ndi thalauzi lopanda lamba, ndi amake. Ndiponso masamuwo amene ankawerengera ndife, amene ankayankha ndife, amene ankachonga ndife. Tsiku limene talakwitsa panalibe wotiuza. Ba Zulu sankadziwa zambiri kuposa ife. Ankangodziwa kuti iwo si khoti, ndi kuti munthu womangidwa manja wasungitsidwa kwa iwe. Tinkalawitsa amai a anthu kuti mwana wawo asafere m'manja mwathu, kenaka ife eni ake nkumutengera ku maenje.

Chachinayi ndicho chinali chovuta. Ndinapita m'mawa, nditasamba, nditabwereka malaya. Nyumba yawo inali kumunsi kwenikweni, khoma lili ndi mzere wakuda wosonyeza pamene madzi amafika. Ndinawapeza pakhomo akusenda nsawawa m'lichero. Ndinaodira, anandipatsa kampando. Analowa m'nyumba nkutuluka ndi kapu ya madzi. Anamwako pang'ono, nkundipatsa.

Ndinati, "Amai, munandidziwa pamaliro paja."

Anandiyang'anitsitsa. "Awe, sinikuzibani, atate. Ndimwe bandani?"

"Nanga munalawiranji chakudya musanandipatse?"

"Ninalawa?" Anayang'ana kapu imene inali m'manja mwanga, nkuseka pang'ono mwamanyazi. "Iye, munikhululukile. Ni kuzolowela chabe. Bantu baniseka. Ku polisi ndiye banatipunzisa, nthawi yamene mwana wanga enze mu selo. Manje kwanja imayenda yeka."

Sanandidziwe. Milungu yonse ija ndinkati anandiweruza, pamene iye ankangopereka chakudya kwa chidakwa cha pamaliro monga amaperekera kwa aliyense. Chimene ndinaona chija si chiweruzo. Chinali chinthu chimene ife tinasiya m'dzanja lake.

Ndinatsika pakampando nkukhala pansi. Ndinawauza dzina langa ndi ntchito imene ndinkagwira. Ndinawauza za Lachinayi lija, za maenje, ndi kuti Jailosi sanathawe. Ndinawauza kuti amene anawombera ndine. Ndinawauza za mtengo ndi chulu kumanda. Mawu anga ankatuluka ouma ngati ndikuwerenga lipoti, ndipo sindinalire, chifukwa misozi inali isanabwerere.

Sanakuwe. Manja awo anapitiriza kusenda nsawawa, imodzi, ina, ina. Patapita nthawi anafunsa osandiyang'ana.

"Pa Chinayi?"

"Lachinayi m'mawa."

"Nanga masiku yaja yatatu, enze kudya ndani?"

"Ndine, amai."

"Na dzila?"

"Ndi dzira lomwe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mbale munali kusuka bwino. Nenze kukamba kuti bapolisi aba bali na ulemu."

Pamenepo ndinati, "Anandituma uthenga kwa inu. Ndachedwa nawo."

Manja anaima.

"Anati ndikuuzeni kuti musabwerenso. Ati ndi patali, miyendo ikukuwawani."

Anaika lichero pansi. Anayang'ana miyendo yawo, yotupa, yong'ambika zidendene. Anaisisita ndi dzanja limodzi nthawi yaitali.

"Ni Jailosi uyo," anatero. "Ni mwamene akambila."

Ndipamene anakhulupirira. Zonse ndinanena poyamba zija akanatha kuzikana, koma mawu a mwana wawo anawadziwa.

Ndinayamba kunena za kukhululuka, anandidula. "Ivo nisiyileni. Simunabwele kutenga kanthu pano. Mailo munipeleke pa mtengo uja, nione. Manje yendani."

Mawa lake ndinawaperekeza kumanda, ndipo mvula isanagwe mwana wawo wamkazi anadzawatenga kupita nawo ku Chipata. Ngati anandikhululukira sindidziwa, sanandiuze, ndipo ndilibe ufulu wofunsa. Ine ndikukhoma ndowa. Esinati sanabwerere, koma mwana wanga wamkazi amandilembera. Mchere ndinayamba kuumva mkamwa patapita chaka. Zina zonse zikubwera pang'onopang'ono, zina mwina sizidzabwera.

Inu amene muli ndi makiyi, kapena amene mawa mudzamve kuti "kawalala!" mwala uli pafupi, padzakhala wina wokuwerengerani masamu, ndipo adzamveka bwino. Ine ndinalephera kuwatsutsa. Ndingokuuzani chimene ndinamva tsiku lija pochoka pakhomo paja.

Ndinali nditayenda mapazi ngati khumi. Kumbuyo kwanga anatola lichero lawo nkulowa m'nyumba. Kunali kusanafike ngakhale pa teni koloko m'mawa, ana akusewera panjira, amai akupita ku mpopi. Ndinamva chitseko chikukokedwa, chikukhuta pansi popeza chinali chitatupa ndi madzi. Kenaka ndinamva chitsulo chokhomera, chadzimbiri, chikukana, iwo akulimbana nacho, mpaka chinalowa.

Ndathera pamenepa. Amene akubwera pambuyo panga abwere.